Tombolombo Wachitsulo pa Tebulo la ku Rimuka

Ndikulemba kuchokera ku Kadoma kuno ku Zimbabwe, mzinda wa golide ndi thonje umene mpaka chaka cha 1982 unkatchedwa Gatooma. Nkhani yanga ndi ya kanthu kakang'ono kokwana pa chikhatho: kachifaniziro ka helikopita yophunzitsira asilikali kuuluka, kamene ndakamanga ndi kukapaka utoto m'miyezi itatu ya chisanu chathachi. Ena adzati nkhalamba yopuma pa ntchito yabwerera ku zidole, ndipo anene ndithu. Ine ndaona kuti ntchitoyi ili pawiri. Kumata tizidutswa kumafuna maso akuthwa ndi mtima wodekha, basi. Koma kusankha utoto kumafuna kuti munthu ayambe wayankha funso lolemera kuposa kandegeko, lakuti ndege imeneyi ndi ya yani, nanga inachita zotani kwa anthu athu.

Ndiyambe ndi dzina. A ku Malawi amati helikopita. Anzathu a Chishona amati chikopokopo, potengera kulira kwa mapiko ake, ndipo ife ana a m'makomboni tinakula ndi liwu limeneli pakamwa. Bambo anga, amene anachoka ku Dedza m'zaka za Chitaganya kudzagwira ntchito pa mgodi wa Cam and Motor ku Eiffel Flats, ankaitcha tombolombo wachitsulo. Ankati taonani mutu waukuluwo, maso okhaokha, ndi kamchira kaonde kotalika, nanga si tombolombo ameneyo? Sankadziwa kuti mtundu umene ankaulozawo dzina lake ndi Alouette III, koma anaufotokoza bwino kuposa mabuku ambiri.

Ndegeyi inapangidwa ku France ndi kampani ya Sud Aviation, ndipo inauluka koyamba pa 28 Febuluwale 1959. M'Chifalansa, alouette ndi kambalame ka m'minda kamene kamayimba kali m'mwamba. Imanyamula anthu 7, atatu kutsogolo ndi anayi pa benchi ya kumbuyo, woyendetsa atakhala kudzanja lamanja. Kutsogolo kwake ndi magalasi okhaokha. Injini yake, yotchedwa Artouste, imakhala pamsana, kumbuyo kwa mzati wa mapiko, pambalambanda popanda chovundikira. Mapiko atatu akuluakulu akamazungulira amalemba bwalo la mamita 11 kuchokera uku kufika uko, ndipo kumchira kuli timapiko tina titatu. Imayima pa mateyala atatu. Mu 1960 ina mwa ndegezi inatera pamwamba pa phiri la Mont Blanc itanyamula anthu 7, ndipo apa m'pamene panagona malonda ake. Kumalo okwera ndi kumadera otentha mpweya umapepuka, mapiko amasowa pogwira, ndipo mahelikopita ambiri a nthawi imeneyo ankalefuka. Iyi inkapirira. N'chifukwa chake maboma a kum'mwera kwa Africa anaithamangira.

Kwa ife a m'chigawo chino si ndege yachilendo. Pafupi ndi Chegutu, mzinda umene kale unkatchedwa Hartley, makilomita oposa pang'ono 30 kuchokera kuno, pali bwalo la asilikali a m'mlengalenga la ku Suri Suri, limene m'masiku a Rhodesia linkatchedwa Fylde. Kwawo kwenikweni kwa ma Alouette ndi ku Manyame, pafupi ndi Harare, kumene kuli gulu la No. 7 Squadron. Ophunzira kuyendetsa ndege za usilikali amayambira ku Gweru pa tindege ta mapiko owuma ta mtundu wa SF.260, ndipo osankhidwira mahelikopita ankapita kukazolowera dzanja pa Alouette. Kadoma ndi Chegutu ali pakati pa Harare ndi Gweru, pamsewu ndi panjanji, motero kuyambira ubwana wanga ndaona tombolomboyu akudutsa pamwamba pa madenga a ku Rimuka. Ngakhale ku India, kumene amaipanga okha pa dzina lakuti Chetak, ndegeyi yakhala mphunzitsi wa oyendetsa mahelikopita kwa zaka zambiri.

Bokosi la tizidutswa ananditumizira mwana wanga wamkazi amene amagwira ntchito ku Johannesburg, polipatsira dalaivala wa basi. Pachivundikiro panalembedwa kuti 1:72. Manambala amenewa amatanthauza kuti sentimita imodzi pa kandegeko ikuimira masentimita 72 pa ndege yeniyeni. Motero bwalo la mapiko la mamita 11 lija limatsika kufika masentimita 15 okha, thupi la mamita 10 limakhala masentimita 14, ndipo munthu wamtali ndithu amasanduka kanthu ka masentimita awiri ndi theka. Lamulo limeneli silikondera. Chilichonse chiyenera kuchepa mofanana, teyala, mpando, ngakhale kukhuthala kwa utoto. Ife tinakula tikupanga magalimoto a mawaya ndi ng'ombe zadongo, ndipo kumeneko mwana ali ndi ufulu wokulitsa nyanga momwe wafunira. Kachifaniziro ka muyezo ndi kena. Kamakukakamiza kuona chinthu monga chilili, ngakhale pamene maso ako akufuna kuchikometsa.

Zida zanga zinali za m'nyumba momwemu: lezala, chowengera zikhadabo chodulira tizidutswa pa chimango chake, sandipepa wosalala amene amapalira galimoto asanaipake utoto, timitengo totokosera m'mano, kambaniro ka amayi a kunyumba kozulira tsitsi, ndi galasi lokulitsa zinthu limene ndinagula kwa wokonza mawotchi. Ndinayamba ndi kutsuka tizidutswa tonse m'madzi ofunda a sopo, chifukwa timachoka ku fakitale tili ndi mafuta a m'chikombole, ndipo utoto sugwira pa mafuta. Kenaka ndinalowa m'kati. Helikopita ya magalasi otere siibisa kanthu, choncho pansi, mipando ndi bolodi la mawotchi ziyenera kumalizidwa thupi lisanatsekedwe. Malamba a pamipando ndinawadula kuchokera ku tepi ya pepala, kalikonse kochepa kuposa milimita imodzi. Mawotchi ndinawadontheza ndi nsonga ya singano, kadontho koyera pa utoto wakuda. Tsiku lina lonse linathera pa mipando itatu yokha. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ndakhulupirira kuti ankanena za ntchito ngati imeneyi.

Pali zinthu zitatu zimene wofuna kuyesa ayenera kuzidziwa asanatseke thupi. Choyamba ndi kulemera. Ndege yoyima pa mateyala atatu ikachepetsedwa imakonda kukhalira mchira, chifukwa injini yeniyeni ndi anthu enieni mulibe. Mankhwala ake ndi mtovu. Ndinapempha kamtovu ka pa mbedza kwa mnzanga wowedza ku Claw Dam, ndinakaphwanyitsa ndi nyundo, n'kukabisa pansi pa chipinda cha woyendetsa, kutsogolo kwa mateyala a kumbuyo. Chachiwiri ndi msoko. Mbali ziwiri za thupi zikakumana zimasiya kamzere, ndipo kamzereko kakapanda kutsekedwa ndi kupalidwa, utoto umakaonetsa koposa. Chachitatu ndi magalasi. Guluu wamphamvu uja wouma msanga amatulutsa nthunzi imene imachititsa khungu magalasi, n'kuwasiya oyera ngati diso la ng'ala. Pamenepo pamafunika guluu woyera wa akalipentala, amene amauma mochedwa koma akauma saoneka.

Mapiko ali ndi chinsinsi chawo. Mahelikopita a ku France amazungulitsa mapiko motsata muvi wa wotchi ukawayang'ana kuchokera pamwamba, pamene ambiri a ku America amazungulitsa mobwerera. Wolumikiza ayenera kuyang'anitsitsa kuti mbali yokhuthala ya phiko lililonse ikuloza kumene phikolo likupita. Komanso ndege ikayima, mapiko ake sakhala owongoka ngati denga. Amawerama pang'ono chifukwa cha kulemera kwawo, monga masamba a nthochi masana a Okutobala. Ndinaviika phiko lililonse m'madzi otentha pang'ono, n'kulipinda ndi zala mofatsa, kenaka n'kuliika m'madzi ozizira kuti ligwire. Zitatha izi tombolombo anaimirira pa tebulo, wotuwa, wopanda mtundu wa dziko lililonse.

Utoto ndi ntchito imene ndinkadyera. Ndinagwira zaka zambiri ku chigawo chonyika nsalu pa fakitale ya David Whitehead ku Chegutu, dzina limene a ku Blantyre akulidziwanso bwino. Kumeneko ndinaphunzira kuti nsalu yoyera ya thonje limodzi itha kusanduka yunifolomu ya mwana wa sukulu, ya wapolisi kapena ya mkaidi, kutengera mphika umene yalowamo. Alouette nayo yalowa m'miphika yambiri, ndipo itatu mwa iyo inawira pa nthaka ya anthu athu. Woyamba unali wa Apwitikizi. Nkhondo ya Frelimo itafika m'chigawo cha Tete kuyambira 1968, asilikali a Chipwitikizi ankayenda pa ma Alouette III, ena atamangidwa mzinga wa mamilimita 20 woloza pa khomo la kumanzere. Pa 16 Disembala 1972, mahelikopita anatsitsa asilikali pa midzi ya Wiriyamu, kufupi ndi mzinda wa Tete, ndipo anthu mazana angapo, amayi ndi ana omwe, anaphedwa tsiku limenelo. Dziko linamva za nkhaniyi mu Julayi 1973, pamene wansembe Adrian Hastings anailemba m'nyuzipepala ya The Times ku London. Panapita zaka 50 kuti nduna yaikulu ya Portugal, António Costa, ipepese ili ku Maputo mu 2022.

Mphika wachiwiri unali wa Rhodesia. Boma la azungu linayamba kulandira ndegezi mu 1962, ndipo pa 28 Epulo 1966 zinagwiritsidwa ntchito pa nkhondo ya ku Chinhoyi, m'chigawo chathu chomwechi cha Mashonaland West, kumene omenyera ufulu 7 anafa. M'zaka zotsatira anakonza njira yomenyera imene ankaitcha Fireforce. Helikopita imodzi, K-Car, inkanyamula mzinga ndi mkulu wolamula, n'kumazungulira pamwamba, pamene zinzake, ma G-Car, zinkatsitsa asilikali anayianayi kuti atseke njira zothawira. Ndegezi sizinkalemekeza malire. Pa 23 Novembala 1977 zinali ku Chimoio, ndipo patangopita masiku awiri zinali ku Tembué m'chigawo cha Tete. Pa 19 Okutobala 1978 zinali ku Chikumbi, kumpoto kwa Lusaka, ndi ku Mkushi. Inu a ku Zambia amene munali akuluakulu nthawi imeneyo simufuna kukumbutsidwa.

Mphika wachitatu ndi wa Zimbabwe. Ufulu utabwera mu 1980, ndege zomwezo zinasintha mbuye, ndipo ana a anthu amene ankazithawa anayamba kuphunzira kuziyendetsa. M'zaka za m'ma 1980 asilikali a Zimbabwe anapita ku Mozambique kukateteza njira ya ku Beira, komanso ankaperekeza malole pa msewu wa ku Tete, kuchokera ku Nyamapanda kukafika ku Zobue, umene katundu wa Malawi ankadutsamo pa nthawi ya nkhondo ya Renamo. Mu 1998 ma Alouette anawolokanso kupita ku nkhondo ya ku Congo. Thupi ndi lomwelo, kulira ndi komweko, ndipo chimene chinasintha ndi chizindikiro cha pambali ndi munthu wokhala pampando.

Pa tebulo langa panabwera maganizo awiri. Chithunzi cha pa bokosi chinkaonetsa ndege yofiira ya opulumutsa anthu m'mapiri a ku France, ndipo timapepala ta zizindikiro tinali ta ndege imeneyo. Imeneyo inali njira yosavuta, yokongola, yosakhumudwitsa aliyense. Ganizo lachiwiri linali la mdzukulu wanga wa zaka 11, amene ankakhala pambali panga madzulo aliwonse. Iye anaona zithunzi za K-Car pa foni ya amalume ake, ndipo tsiku lina anabwera ndi kamfuti kamene anasema yekha kuchokera ku kamtengo kotsala ka pa chimango. Anakasema bwino kwambiri, mpaka kabokosi ka zipolopolo.

“Agogo, tiike aka pakhomo,” anatero. “Popanda mfuti chikopokopo sichioopsa.”

Sindinamukalipire, pakuti mwana aliyense amakonda chinthu champhamvu, ndipo ifenso pa msinkhu wake tinkathamangira kunja tikamva kulira kwake. Ndinamuuza kuti tidzaona.

Mlandu unakagamulidwa ku Chegutu, ku Pfupajena, kumene kumakhala apongozi anga aakazi. Tinapita kukawazonda Loweruka lina, ndipo mdzukulu uja ananyamula kandegeko m'bokosi la nsapato kuti akaonetse asuweni ake. Apongozi anga anabadwira kufupi ndi Furancungo, m'dziko la Achewa a ku Tete. Anathawa kwawo nkhondo itakula, anawolokera ku Malawi ndi mwana kumbuyo, ndipo pambuyo pake anatsata amuna awo ku mafamu a ku Hartley. Mwana amene anali kumbuyoyo ndiye mayi wa ana anga. Mwa mwambo wathu ine ndinakhala chapatali, pa mpando wa pakhonde, iwo ali pa mphasa. Atamva ana akuchita phokoso anaitanitsa bokosilo. Anakatenga kandegeko ndi manja awiri, n'kukatembenuza kwa nthawi yaitali osayankhula.

“Apongozi,” anatero potsiriza, maso ali pansi, “ichi ndachidziwa. Chisanaoneke chinkayamba ndi likhweru, kenaka n'kumagunda ngati mitondo yambiri. Tikamva likhwerulo tinkasiya mphika pamoto.”

Likhweru limene ankanenalo ndi la injini ya Artouste, ndipo aliyense amene anaimvapo amalidziwa. Amayi a kunyumba anawafotokozera za maganizo awiri aja, la utoto wofiira ndi la kamfuti. Ine ndinkayembekeza kuti atiuza kuti tikataye kanthuko kudzala. Yankho lawo linali lina.

“Mukachipaka chofiira mwamunamiza mwanayu. Sichinali chofiira. Chinali cha mtundu wa tchire, kuti tisachione msanga. Chipakeni momwemo, adziwe. Koma mfutiyo musaiike. Mfuti siikhala m'nyumba mogona ana, ngakhale ikhale ya chidole.”

Atatero anabweza bokosilo n'kufunsa za mitengo ya ufa ku Kadoma. Nkhaniyo inathera pomwepo.

Ndinatsata mawu awo. Choyamba ndinaphimba magalasi onse ndi tepi, ndikudula kagawo kalikonse ndi lezala watsopano motsata mizere ya mafelemu. Kenaka ndinapaka utoto wapansi wotuwa, umene umagwiritsa utoto wina ndi kuulula zipsera zotsala. Mitundu ya tchire ndi iwiri, wofiirira ngati dothi louma ndi wobiriwira wakuda ngati masamba a msuku. Lamulo ndi lakuti wowala uyambe, wakuda utsate, chifukwa wakuda umakwirira wowala koma wowala sukwirira wakuda. Utoto uyenera kusungunulidwa mpaka ufanane ndi mkaka. Ukakhala wa phalaphala umafotsera timizere tonse ta pathupi, ndipo ndege imaoneka ngati yoviikidwa m'chigumu chosapsa. Ndinapaka katatu mopyapyala, ndikudikira tsiku lathunthu pakati pake, kandegeko kali pansi pa beseni kuopa fumbi la Ogasiti. Pali nzeru ina imene ndinaitenga ku fakitale. Mtundu uliwonse umaoneka wakuda kwambiri pa kanthu kakang'ono kusiyana ndi pa chinthu chachikulu, chifukwa chachikulu timachiona patali, mpweya uli pakati. Choncho m'mitundu yonse iwiri ndinadonthezamo woyera pang'ono.

Ndege ya ntchito siikhala yoyera ngati ya m'sitolo. Ndinapala nsonga ya pensulo n'kupaka fumbi lake pa injini kuti iwale ngati chitsulo, ndipo kumene kumatulukira utsi ndinasisitako khala losinja. Pa mateyala ndi pansi pa thupi ndinaikapo dothi lenileni la katondo wa kuno, losefa pa nsalu, losakaniza ndi vanishi wosawala. Ndinaonjezanso tizosefera fumbi tiwiri pakamwa pa injini, timene asilikali a kuno ankatitcha makutu a njovu, ndipo ndinatipanga ndi kachidutswa ka chitini cha chakumwa.

Panatsala chizindikiro. M'bokosi munalibe cha Zimbabwe, motero ndinayenera kuchijambula ndi dzanja, timabwalo ta mitundu ya mbendera, kobiriwira, kachikasu, kofiira ndi kakuda, kena m'kati mwa kanzake, tonse pamodzi tosaposa njere ya nandolo. Ndikujambula ndinkaganiza za chitupa changa. Ndinabadwira kuno mu 1960, sindinakhalepo dziko lina, koma kwa zaka zambiri chitupacho chinkanditcha mlendo. Lamulo la unzika litasinthidwa mu 2001, ana ambiri a matchona a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique anapezeka opanda dziko, osatha kuvota, pamene kumudzi kwa makolo awo sankadziwikanso. Ena ankatitcha Mabhurandaya, anthu a ku Blantyre, ngakhale amene Blantyre sanamuonepo. Malamulo aakulu a dziko a mu 2013, pa ndime 43, ndi amene ananena kuti wobadwira kuno kwa kholo lochokera m'dziko la SADC, ndipo akukhala kuno, ndi nzika mwa kubadwa. Bambo anga anakumba golide wa dziko lino mpaka chifuwa chinawatha, ndipo anagona m'manda a ku Rimuka. Sindinapemphe chilolezo kwa munthu kuti ndijambule mitundu imeneyo, ndipo dzanja silinanjenjemere.

Chomaliza chinali anthu. Popeza ndinafuna ndege yophunzitsira, ndinaika zowongolera za mipando iwiri, monga zimakhalira pa ndege ya sukulu, kuti mphunzitsi athe kulanda ndege wophunzira akasokoneza. Ndinapanga tianthu tiwiri ndi waya wopyapyala wa m'chingwe cha wailesi, wokulungidwa ndi pepala lofewa ndi guluu. Pokhazika manja awo ndinayenera kufotokozera mdzukulu ntchito ya chilichonse. Ndodo ya pakati pa miyendo, ya dzanja lamanja, imapendeketsa bwalo la mapiko kuti ndege ipite kutsogolo, kumbuyo kapena kumbali. Ndodo ya kumanzere imasintha kapendekedwe ka mapiko onse pamodzi kuti ikwere kapena itsike. Zopondera ziwiri zimalamula timapiko ta kumchira, timene timaletsa thupi kuzungulira mosemphana ndi mapiko aakulu. Ukakhudza chimodzi, zina ziwirizo zimafuna kukonzedwa nthawi yomweyo, n'chifukwa chake phunziro lovuta koposa ndi kuimitsa ndege malo amodzi m'mwamba. Palibe amene amabadwa akudziwa zimenezi. Amene anatsitsa asilikali ku Wiriyamu anachita kuphunzitsidwa, pa mpando wonga umenewu, ndi mphunzitsi wodekha. Amene amatsitsa chingwe kwa anthu ozingidwa ndi madzi osefukira anaphunzitsidwanso chimodzimodzi. Ndinamuuza mwanayo kuti luso la manja ndi limodzi, ndipo kuti mphunzitsi amene waphunzitsa manja okha wasiya ntchito pakati.

Kamfuti kaja sitinakataye. Kali m'kabokosi ka machesi, m'dilowa ya kabati, ndipo pa kabokosipo mdzukulu analemba yekha mayina anayi amene ndinamuuza: Wiriyamu, Chimoio, Tembué, Chikumbi. Anzake akabwera kudzaona kandege amayamba wawaonetsa mapiko, kenaka amatsegula dilowa n'kuwauza kuti agogo a amayi ake ankasiya mphika pamoto. Amanena m'Chishona, chinenero cha kusukulu ndi cha mumsewu, koma mawu akuti likhweru, mtovu, mzati ndi tombolombo amawatchula m'Chichewa, chifukwa anawamvera pa tebulo lija ndipo sanawapezere ena.

Mwana wanga wa ku Johannesburg wafunsa ngati anditumizire bokosi lina. Ndamuuza kuti afunefune Alouette yomweyo. Yachiwiriyi adzamanga mdzukulu ndi manja ake, ine ndidzangomugwirira galasi ndi kumusungunulira utoto. Za mtundu wake wanena kale kuti akafunsa ku Pfupajena.